A Ndathanazo ndi sikirini yobiriwira

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene watisunga tonse kufikira lero. Kodi muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kufika kutchalitchi, kapena mukupempherabe muli pakhonde? Mankhwala opaka ndinatumiza aja si maluwa oti azikongoletsa kabati, Amayi, muzipaka. Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa chimandigwira nyengo ikamasintha, ndiponso mtima wanga suli m'malo. Za mtimazo n'zimene zandigwiritsa cholembera. Pafoni sindingathe, chifukwa mumandidula ndi nkhani za nkhuku zanu, komanso mng'ono wanga Mzime amakhala ali pomwepo khutu lili tcheru.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mwini nyumba wakonza mpopi uja tsopano, atamva kuti madzi ayamba kudonthera pa makina ake ochapira zovala pansipa. Pamene ankadonthera pa ine analibe nthawi. Makinawo akamazungulira bedi langa limanjenjemera, koma ndazolowera, moti akangosiya m'pamene ndimadzidzimuka. Kutchalitchi tikusonkhanabe m'chipinda chapamwamba pa shopu ya matayala. Nyimbo zathu zimanunkha labala, koma Mulungu amamva. Andiika m'gulu lophika tiyi tikaweruka, ndipo ketulo yake ndi yolemera ngati mwana wa chaka.

Tsopano nkhani yeniyeni. Munandiuza kuti Mzime akufuna kusiya ntchito kusukulu kwake teremu ino ikatha, kuti abwere kuno kudzakwatiwa ndi a Injiniya. Munati nonse mwakondwa, ndipo malume akuyenda chodzitukumula kuti banja lathu lapeza mkamwini wodziwa makompyuta. Munafunsanso chifukwa chake ine ndekha sindinalulutire. Ndikuyankhani lero. Inu munawaona kamodzi kokha, atabwera ndi phukusi lija ndinawapatsira, atavala suti, akugwada pokupatsani moni. Ine ndimawaona tsiku lililonse, chifukwa tebulo lawo lili moyang'anizana ndi langa.

Kuno sitiwatchula a Injiniya. Mainjiniya m'nyumba muno ndi ambiri, ena amabwera pa njinga. Dzina lawo kuno ndi a Ndathanazo. Ukawafunsa za chilichonse, usanamalize n'komwe funso, akuti athana nazo kale. Fungo la perefyumu wawo limatuluka m'chikepe iwo asanatuluke. Nsapato zawo ndi zosongoka moti akhoza kuphera mphemvu pakona. Chingwe cha khadi la kuntchito amachivala ngakhale kutchalitchi, kuopa kuti angelo angaiwale kumene amagwira ntchito. Ambuye andikhululukire pakamwa panga, koma sindinawonjezerepo kanthu.

Kuti mumvetse zimene anachita, ndikufotokozereni pang'ono za ntchito yathu. Musatope, pali chifukwa. Mukudziwa kuti kampani yathu imaperekera odwala mankhwala ndi masilinda a mpweya kunyumba kwawo, ndipo ine ndimakhala pa desiki ya mafoni kuyankha abale a odwalawo. Chipatala chikalemba kuti uje akufunika silinda, uthengawo supita kwa dalaivala mwachindunji. Umayamba wafika kwa pulogalamu ina ya m'kompyuta imene timaitchula mkhalapakati. Ntchito yake ndi kulandira mauthenga, kuwaimika pamzere, n'kumawapereka umodziumodzi kwa oyenera: wosunga katundu, dalaivala, ndi ena. Ali ngati mlembi wa pawindo kuchipatala, wolandira makadi n'kumaitana mayina. Mlembiyo akakomoka, mzere umafika kumsewu.

Mkhalapakatiyo amakhala m'makontena. Musaganize za makontena achitsulo aja anthu amagulitsiramo zinthu. Ine ndinatha nthawi ndikusuzumira kuseri kwa ofesi kuti ndiwaone, mpaka Mayi Chipewa anandigwira n'kuseka. Mayi Chipewa ndi injiniya wamkulu wathu, mayi wa imvi, wosalankhulalankhula, amene savula chipewa chake chaubweya ngakhale kutenthe bwanji. Iwo ndi amene anandiuza kuti makontenawa ndi timabokosi tosaoneka, tokhala m'gulu la makompyuta ambiri olumikizana, m'nyumba ina imene palibe aliyense wa ife anaiponda. Kontena ikadwala saichiza. Amaipha n'kudzutsa ina pa kompyuta ina, ya dzina latsopano ndi adiresi yatsopano. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndipo palibe amalira maliro.

Popeza palibe angamuone mkhalapakatiyo ndi maso, pali kapulogalamu kena, ife timati kalembera. Kalembera amayenda m'makontenamo kufunsa kuti pamzere pali mauthenga angati, atuluka angati, ndipo wakale kwambiri wadikira nthawi yotalika bwanji. Manambalawo amawatumiza ku kampani ina ya ulonda, imene imatijambulira mizere pa sikirini yaikulu ya pakhoma, n'kumaliza belu pafoni ya injiniya zinthu zikavuta. Sikiriniyo ili pamwamba penipeni pa mutu wanga. Ikabiriwira ndiye kuti kuli mtendere, ikafiira ndiye kuti thamangani. Mabwana athu akamalowa m'mawa amayamba ayang'ana sikiriniyo asanapereke moni kwa munthu. Ena a iwo sindikudziwa ngati anayang'anapo kumwamba ndi ulemu wotere.

Ntchito yolumikiza kalembera ndi alonda aja anaipereka kwa mkamwini wanu wamawayo. Anailumikiza, akuti athana nazo. Koma iwo anamulembera kalembera mayina a makontena amene analipo tsiku limenelo. Ndiye kontena ikafa n'kudzuka ina ya dzina lina, kalembera ankagogoda pa nyumba yopanda munthu. Manambala ankasiya kufika kwa alonda, belu n'kulira m'thumba mwa a Ndathanazo. Linalira akudya, linalira ali kometetsa, linaliranso abusa ali pakati pa ulaliki. Ndinalipo tsikulo. Anatuluka akuyenda ndi zala za kumapazi, nsapato zija zikulira pa masitepe.

Mankhwala ake enieni, malinga ndi mmene Mayi Chipewa anatifotokozera pambuyo pake, anali kumuphunzitsa kalembera kuti azifuna makontena potengera chizindikiro cha ntchito yawo, osati dzina. Ukafuna namwino suyenda ndi dzina, umayang'ana yunifolomu. Koma zimenezo zinkafuna kukhala pansi, kuwerenga, ndi kupita pa tebulo la mnzako kukanena kuti apa sindikumvetsa. Amayi, munthu ameneyu angalolere kumeza lumo kusiyana n'kunena mawu amenewo. Anafufuza mpaka anapeza malo ena pamene alonda amafunsa kuti, manambala akapanda kubwera tizichita chiyani, tiziliza belu kapena tizilemba ziro? Iwo anasankha ziro. Kuyambira pamenepo, kalembera akasochera, sikirini inkati pamzere palibe uthenga ngakhale umodzi. Ndipo ziro ndi yobiriwira.

Belu linakhala chete. Mabwana anakondwa. Pamsonkhano wa antchito onse anawaimika kutsogolo, akuti taonani mnyamata wathetsa phokoso limene linatisautsa, n'kuwapatsa kapu yolembedwa dzina la kampani. Tinawomba m'manja, inenso ndinawomba, sindinkadziwa. Chithunzi cha kapuyo anatumizira Mzime, ndipo inu munandiuza kuti munachionetsa kwa amayi anzanu kutchalitchi. Kapu imeneyo, Amayi, anaipata chifukwa chotseka pakamwa pa mlonda.

Ndiye linafika tsiku limene injiniya wina anasintha makontena onse nthawi imodzi, kuika a mtundu watsopano. Unali m'mawa. Onse anadzuka ndi mayina atsopano, kalembera n'kutsala akugogoda m'mabwinja. Tsoka ilo, mkhalapakati watsopanoyo anali ndi vuto lake. Mauthenga ankalowa bwinobwino koma potuluka kupita kwa madalaivala ankangodontha. Mzere unayamba kukula. Pamwamba pa mutu wanga sikirini inali gwa, yobiriwira ngati msipu wa m'Masalimo.

Mafoni anayamba pang'onopang'ono, kenako onse anayaka. Ena ankatukwana, ndipo amenewo savuta, umangochotsa khutu. Amene anandivuta ndi mayi wina wachikulire. Sanakweze mawu. Ankanditchula mwanangu. Anati silinda ya amuna awo inayenera kufika m'mawa, ndipo singano ya pa silinda yakaleyo yatsala pang'ono kugona, kodi mwina galimoto yasochera? Kumbuyo kwawo ndinkamva bambowo akupuma, ngati munthu akukoka chidebe m'chitsime chakuya. Ndinasuzumira pawindo. Pabwalo magalimoto athu anali ndii pamzere, madalaivala atakhala pa masitepe akusewera makadi, chifukwa mafoni awo sanawatume kulikonse.

Ndinavula mahedifoni n'kupita pa tebulo la a Ndathanazo. Anachotsa chomvera cha khutu limodzi lokha, linalo linapitiriza nyimbo. Ndinawauza za mafoni, za madalaivala, za singano ija. Iwo analoza sikirini ndi kapu yawo ija, akuti alamu, kodi mukuona chofiira pamenepo? Akuti nkhalamba zimakonda kukokomeza, manambala sanama, ndisabweretse mantha a kumudzi mu ofesi ya anthu. Kenako anaseka n'kuuza mnzawo wa pambali kuti akupemphera mng'ono wangayo asakhale wodandauladandaula ngati mkulu wake. Ananena zimenezo anthu akumva, akunditchula alamu, ngati ukwati unachitika kale. Ndinabwerera pa mpando wanga.

A Kapitawo, amene amayang'anira desiki yathu, anayang'ananso sikirini yomweyo n'kutiuza kuti tizipepesa ndi kunena kuti galimoto zili m'njira. Mayi aja ataimbanso ndinawauza kuti ili m'njira, ndikuiona ndi maso anga itaima pabwalo. Ndalapa kwa Mulungu ndipo ndikukuuzani inunso, chifukwa simunandilere choncho.

Chimene chinatipulumutsa n'chakuti Mayi Chipewa anabwerako kwa dokotala wa mano masana. Analowa tsaya lili lotupa, chikwama chili paphewa, n'kuima pansi pa sikiriniyo. Anayang'ana kanthawi. Kenako analankhula ndi mbali imodzi ya kamwa, akuti mzere wowongoka chonchi anauonapo kamodzi kokha, pa makina a kuchipatala tsiku limene bambo awo anamwalira. Akuti chinthu chamoyo chimanjenjemera. Anasiya sikirini n'kukafunsa mkhalapakati mwiniwake pa kompyuta yawo, ndipo anapeza mauthenga ataunjikana mulu, kuyambira m'mawa uja. Sanakalipe. Anatiuza a pamafoni kuti tilembe maadiresi a odwala kwambiri pa mapepala, tithamange nawo kwa madalaivala. Tinatsika masitepe ngati nyumba ikupsa. Ine ndi chifuwa changachi ndinatsika ndi kukwera mpaka miyendo inachita dzanzi.

Galimoto itafika kwa mayi aja inapeza pakhomo potseka. Anansi anali atawanyamula kale bambowo kupita nawo kuchipatala. Ali moyo, Mulungu alemekezeke. Mayiwo anaimba m'mawa mwake kudzandiuza, n'kundithokozanso chifukwa chowalankhula bwino. Bola akananditukwana.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa zonse ndalembazi ndi njira yofikira pano. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Munthu akanangosankha ziro mopusa, ine sindikanawononga pepala. Kampani yathu ili ndi mwambo wake. Chinthu chikalakwika amaitanitsa msonkhano umene amati wopanda wolakwa. Malamulo ake analembedwa pakhoma la chipindacho: palibe kulozana zala, palibe wochotsedwa ntchito, palibe wodulidwa malipiro. Aliyense amangonena zimene anachita ndi chifukwa chake zinkaoneka zabwino pa nthawiyo, kuti dzenjelo likwiriridwe wina asadzagweremo. Ine poyamba ndinkaunyoza mwambowu. Ndinkati ndi masewera a anthu okhuta, kulapa kopanda wochimwa, kokhala ndi mabisiketi pa tebulo. Tsiku limenelo anatiitana ndi ife a pamafoni, ndi madalaivala angapo amene anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Anayamba ndi Mayi Chipewa eniake. Anati kusintha kwa ziro kuja kunadutsa pa tebulo lawo, ndipo anavomereza osawerenga, chifukwa unali mzere umodzi wokha wa zolemba ndipo ankathamangira zina. Mayi wa imvi, wamkulu wa onse, kunena zimenezo pamaso pa madalaivala. Amene anasintha makontena uja anati atamaliza anangoyang'ana sikirini, sanamufunse mkhalapakati. A Kapitawo anati anakhulupirira khoma kuposa makutu a antchito awo. Itafika nthawi yanga ndinanena za bodza langa lija. Palibe anandiyang'ana moipa. Wina anandikankhira mbale ya mabisiketi. Ndinaona kuti mwambo uja ndinkaunyoza uli ndi kanthu kena kamene ngakhale kutchalitchi kwathu timakasowa.

Kenako a Ndathanazo. Anaimirira, ngakhale ena tonse tinalankhula titakhala. Anamanga batani la jekete. Akuti zinapezeka kuti pamalo paja panali ziro. Zinapezeka, Amayi, ngati bowa. Akuti mabuku a kampani ya alonda salongosola bwino, akuti kalembera ndi wachikale, akuti iwo anali akuganiza kale zoti nkhaniyi aibweretse kwa akuluakulu. M'chipindamo munalibe amene sankadziwa kuti ntchito ija inali m'manja mwawo okha. Mayi Chipewa anawafunsa mofatsa, ngati mmene mumafunsira mwana amene wanyowetsa mphasa. Anati palibe mlandu, akungofuna kudziwa chimene chinapangitsa ziro kuoneka yabwino, mwina belu linkavutitsa kwambiri, kuti belulo alikonze. Anawatsegulira chitseko n'kuwagwirira. Chinangotsala n'kunena kuti inde, linanditopetsa, ndine ndinasankha.

Iwo anayang'ana kudenga n'kunena kuti sakukumbukira bwino. Anamaliza ndi kutsimikizira msonkhano kuti nkhaniyi athana nayo kale. Dalaivala wina kumbuyo kuja analephera kudzigwira, anaseka mpaka anatuluka panja. Mayi Chipewa anangokoka chipewa chawo kufika m'maso n'kulemba kenakake.

Palibe anawalanga, monga mwa lamulo la pakhoma lija. Akugwirabe ntchito, kapu ili pa tebulo, perefyumu akutulukabe m'chikepe. Mayi Chipewa anamuphunzitsa kalembera kufuna makontena ndi yunifolomu, ndipo anasintha yankho lija kwa alonda. Tsopano manambala akangosiya kubwera, sikirini imafiira ndipo belu limalira. Akuti chete azimuwerengera ngati moto, mpaka wina atapita kukaona kuti si moto.

Ine chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Munthu anamukhululukira asanapemphe, chikhululuko chinalembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu, akuluakulu ake anagwada iye akuona, koma mawu oti ndine anamukanika. Nanga m'nyumba, mmene mulibe lamulo pakhoma, mmene mulibe Mayi Chipewa, adzawanena? Ndiponso mwaona chimene amachita ndi belu lomusokoneza. Sapita kukaona chimene likulirira. Amafuna pozimitsira.

Amayi, Mzime ndi belu. Mukumudziwa kuposa ine. Mwana uja anabadwa akufunsa mafunso. Ankatsutsana ndi Bambo pa tebulo mpaka iwo ankaseka n'kugonja. Kale ankanditumizira mauthenga a mawu aatali moti ndinkamvetsera ulendo wonse wa pa basi: ahedi atero, mwana wakuti wabwera wopanda nsapato, choko chatha, diresi ya mphunzitsi mnzake ikuoneka ngati katani. Chiyambire za ukwatizi mauthengawo akhala akufupika. Masiku ano ndikamufunsa kuti uli bwanji, amanditumizira kachithunzi ka duwa.

Ndinkati mwina ndi kutanganidwa. Koma Lamulungu lapitali titaweruka, ndikuthira tiyi, ndinawamva a Ndathanazo akuphunzitsa azibambo anzawo za banja, munthu amene sanakwatirepo. Akuti mkazi umamuzoloweza usanamutenge. Akuti wawo anali ndi chizolowezi choimba foni ndi tinkhani ta ziii, mavuto a kusukulu, mantha a ulendo, koma anamuuza kuti iwo ndi munthu wa ntchito yaikulu, ndipo akapanda kumva kanthu amadziwa kuti zonse zili bwino. Akuti mtsikanayo ndi wanzeru, waphunzira msanga. Azibambo ena anaseka, mkulu wa mpingo mmodzi anangoyang'ana m'kapu mwake. Ine ndinali nditaima ndi ketulo ija pamwamba pa nsapato zosongokazo. Ndiulule kuti dzanja langa linapendekeka pang'ono, ndipo si mphamvu zanga zimene zinaliwongola.

M'mawa mwake m'pamene ndinawerenganso uthenga wanu uja, pamene munati Mzime masiku ano wakhala phee, wakhwima, alibe chodandaula chilichonse. Ndinawerenga nditakhala pa desiki yanga. Nditamaliza ndinakweza mutu n'kuyang'ana sikirini.

Ndikudziwa zimene malume adzanene akamva. Adzati mkulu wake sanakwatiwe, ndiye nsanje yamudya. Funso limenelo ndadzifunsa ndekha nditagwada, osati kamodzi. Ndapeza kuti kansanje kalipo, sindikana. Si ka mwamunayo ayi, ameneyo ngakhale atandipatsa ndi galimoto yake yomwe. Ndi kakuti zaka zonsezi ndakhala kuno palibe anaonetsapo chithunzi changa kutchalitchi, koma kapu yachita kuzungulira mpingo wonse. Kameneko ndi katchimo kanga ndipo ndikulimbana nako. Koma nsanje yanga si imene inasankha ziro, si imenenso inaima pamsonkhano n'kuiwala. Amayi abusa andiuza kuti ndiziwapempherera a Ndathanazowo. Ndimayesa. Ndimapempha kuti Mulungu awapatse mtima wosweka ndi mkazi wabwino, kungoti pofika pa mkaziyo ndimapezeka ndawonjezera kuti akhale mng'ono wa munthu wina.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikuti muwakane chifukwa cha mawu anga, sindikutinso muitanitse abale. Ndikuti Mzime asakapereke kwa ahedi mawu osiya ntchito inu musanamve za mumtima mwake kuchokera pakamwa pake. Ntchito ija anaivutikira, ndipo akaisiya n'kufika kuno adzakhala m'nyumba ya munthu mmodzi, m'tauni imene sadziwamo aliyense koma ine. Mutengeni nokha awiri, tsiku lochapa, kuseri kwa nyumba, mafoni atsale m'nyumba. Musamufunse ngati ali bwino, chifukwa adzakupatsani duwa. Mufunseni kuti ndi liti anamudandaulira mwamunayo komaliza, ndipo anayankhidwa chiyani. Mukafunsa mudikire. Ndikukudziwani, Amayi, chete amakuyabwani, mudzafuna kuponyapo nkhani ya nkhuku. Musaponyepo. Akayamba kulira musiyeni alire. Akangokhala duu akuyang'ana m'beseni, musalembe ziro.

Akakuyankhani momasuka, ndi mawu ake akale aja, n'kunena kuti akumufunabe, ine ndidzatseka pakamwa. Ndidzasoketsa diresi, ndidzamulandira pa siteshoni, ndipo ndidzamwetulira pa zithunzi mpaka masaya apweteke. Kungoti adziwe kuti theka la bedi langa lonjenjemerali ndi lake tsiku lililonse limene angalifune, ndipo foni yanga ilibe pozimitsira. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati ndatsina mopweteka, mundikhululukire nonse awiri.

Mundiperekere moni kwa malume ndi akazi awo, koma pepalali lisafike m'manja mwawo, chifukwa likafika mawa lake lidzakhala pa msika. Moni kwa azakhali, muwauze kuti magalasi awo ndikuwafunafunabe a mphamvu imene ananena. Moni kwa achimwene ndi alamu anga, ndi ana onse, makamaka kamtsikana kaja kamati kadzakhala dokotala wa ng'ombe. Moni kwa amayi a kwaya, andikumbukire m'mapemphero. Mzime mumupsompsone pamphumi, musanene kuti zachokera kwa ine mpaka mutachapa.

Mukamandiyankha musangoti zonse zili bwino. Mundiuze mawu amene wanena, mmene wawanenera, ndi kumene amayang'ana. Ndikapanda kumva kanthu kwa inu sindidzaganiza kuti kuli mtendere. Ndidzaimba, ndi kuimbanso, mpaka wina adzatuluke kukaona.

Ambuye akusungeni inu ndi bondo lanulo.

Ndine mwana wanu woyamba,
wa pa desiki ya mafoni.